Zenera Lachitatu

Ndinakwera chapa cha m'bandakucha pa Ulongwe,
mapepala ako nditawakulunga m'thumba la shuga
kuti thukuta lisawadye.
Pa Moatize fumbi la malasha linatilowa m'mano,
ndipo pansi pa mlatho Zambezi anangoti phee,
ngati sananyamulepo mtembo wa munthu.

Ku Tete kukuwotcha, Venansiyo.
Ngakhale mbuzi zikubisala kunsi kwa magalimoto.

Pa zenera loyamba anati pitani pa lachiwiri.
Pa lachiwiri mnyamata wa malaya osita,
wobadwa mfuti zitatonthola kale,
ananyowetsa chala ndi malovu, natsegula buku.
"Venansiyo Kaphwiti mulibe muno, mayi.
Pa nambala iyi pali Mphezi. Mphezi ndani?"

Ndinati limenelo ndi dzina la kutchire.
Pakhomo sanali mphezi ayi,
anali mlimi wa mbatatesi,
munthu wodzidzimuka chitini chikagwa usiku.

"Kalata ya ukwati?"
Inapsa pamodzi ndi tchalitchi chathu
chaka chomwe tinathawa mphika uli pamoto.
"Ankhoswe?"
Onse awiri anatsogola.

Ndikanamuonetsa chiyani mwana ameneyu?
Kachitsulo ka m'ntchafu mwako ndinkakadziwa ndine,
kankakuluma mvula ikamayandikira.
Zaka makumi atatu ndi zinayi
ndayanika zofunda zonyowa ndi maloto ako.
Ukamaitana anzako amene anatsala m'tchire
woyankha ndinali ine,
lero ndikhale Fabiyau, mawa ndikhale Zeka,
mpaka tulo tikubwerere.
Koma zimenezo zilibe chidindo.

Pa benchi la zenera lachitatu
ndinakhala moyandikana ndi mayi wa duku lobiriwira,
zidendene zong'aluka ngati zanga.
Lake linali thumba la mchere.
Pomasula, chithunzi chinagwa pansi
ndipo ine ndi ulemu wangawu ndinawerama kumutolera.

Chipewa chopendekera kumanzere.
Mpata wa m'mano.
Khutu lija lolumika nsonga.

Iwe.

Dzina lake ndi Jenoveva, wa ku Fingowe.
Zaka zitatu zija unkati kunali mapiri okhaokha,
mapiri ndi njala,
kunalinso khomo, kodi?
Kunalinso mwana, amene lero amakonza njinga pamsika
atanyamula mphumi yako yonse.

Ndinafuna kulavula koma m'kamwa munali gwa.
Anandipatsa botolo lake,
madzi ofunda ngati tiyi wadzulo.
Ndinamwa.

Mzere unasuntha ndi munthu mmodzi.

"Ankafuulabe usiku?"
"Mpaka sabata lomaliza."
"Nanga kachitsulo kaja?"
"Tinamuika nako."
Anagwedeza mutu pang'onopang'ono,
ngati wamva mtengo wa feteleza.

Wa pa zenera lachitatu sanadzutse nkhope.
Akuti penshoni ya wamasiye imafuna mboni
zoti zinakudziwa uli moyo,
zotsimikiza kuti Mphezi ndi Venansiyo
anali kuvala nsapato imodzi.
Tinayang'anana.
Padziko lino ndaninso angalumbire kuposa ife?
Iye anadziwa Mphezi, ine Venansiyo,
ndipo tonse tinachapa magazi a mwendo womwewo.

Tisanatsegule pakamwa zenera linati phwa.
Nthawi yakwana. Mubwere Lolemba,
mapepala onse ajambulidwe kawirikawiri.

Panja tinawerenga ndalama pa chitenje chake.
Zanga sizifika ku Ulongwe,
zake sizifika ku Fingowe,
koma pamodzi zikwana buledi, mapepala aja,
ndi chapa chopita ku Matundo
kumene kuli mphwake wokhala ndi mphasa yapadera.

Usaganize kuti ndakukhululukira.
Nkhaniyo ndidzabwera nayo ndekha kumandako,
khasu lili m'manja, polimira udzu.

Koma usiku uno ndigona pambali pa mkazi
yekhayo amene sindifunika kumufotokozera kanthu.
Unatigawira mantha ako osatifunsa, Venansiyo.
Tindalama ta boma, tikadzatuluka,
tidzagawana tokha.